MWANA ASANAGWIRE THANGA, AYAMBE WADZIWA MFUNDO

Makolo ambiri a m'mbali mwa nyanja timakhulupirira kuti mwana wobadwira pa gombe safunika kumuphunzitsa za madzi. Timati adzaonera kwa anzake. Ndipo kunena zoona ana athu amaoneradi: mnyamata wa zaka 8 wa ku Malindi, ku Makanjira kapena ku Senga Bay amapalasa bwato wa bambo ake mopanda mantha, mpaka alendo ochokera kumtunda kugwira pakamwa. Koma kuonera kuli ndi polekezera. Mwana amatengera zimene amaziona tsiku ndi tsiku nyanja ili bata. Zoyenera kuchita bwato ukagubuduzika, kapena chingwe chikamukola mwendo, alibe poti azionere, chifukwa tsiku limene adzazione koyamba ndi lomwe zidzamugwere iye mwini.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2021 chokha anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira m'madzi, ndipo gawo lalikulu adali ana ndi achinyamata. M'maiko ena adaganiza kalekale zoti mwana aziphunzira za madzi dala, pa nthawi yoikika, mphunzitsi ali pafupi, monga momwe amaphunzirira masamu. Kumeneko kuli makalabu ndi sukulu zimene zimalandira ana kuyambira zaka 7 kapena 8 ndi kuwaphunzitsa kuyendetsa timaboti ta thanga, toyenda ndi mphepo yokha popanda injini. Ndondomeko imene amatsata yayesedwa kwa zaka zoposa 70, ndipo ife a kunyanja tikhoza kutolapo kanthu ngakhale timaboti tawoto tilibe.

Kaboti konga bokosi

Nkhani yake idayambira m'tauni ya Clearwater, m'chigawo cha Florida ku America, m'chaka cha 1947. Kumeneko kudali kalabu ya akuluakulu ofuna kuthandiza achinyamata, dzina lake Optimist Club. Masiku amenewo anyamata a ku America ankakonda mpikisano wa tigalimoto ta matabwa topanda injini, timene ankatsetsereka nato pa chitunda. Tsono Clearwater ndi malo opanda zitunda, koma madzi ndiye ali ponseponse. Mkulu wina, Major Clifford McKay, adapempha mmisiri wokhoma maboti wa m'tauni momwemo, Clark Mills, kuti akonze kaboti kamene mwana angayendetse yekha, kosavuta kukhoma ndiponso kosapitirira madola 50.

Chimene Mills adatulutsa sichidali chokongola ayi. Ndi kaboti ka matabwa a plywood, kotalika mamita 2.3, m'lifupi mwake kupitirira pang'ono mita imodzi, ndipo kutsogolo kwake n'kosasongoka ngati bwato wathu koma kodulidwa ngati bokosi. Mpaka lero ena amakaseka kuti ndi bafa losambiramo limene aliveka thanga. Komatu kutambalala kwakeko ndiko kumakaletsa kugubuduzika msanga. Thanga lake ndi laling'ono, masikweya mita 3.3, loti mwana angalikoke ndi dzanja limodzi, ndipo kaboti kakeko kamalemera makilogalamu 35, ana angapo amakanyamula okha kupita nako kumadzi. Kadatenga dzina la kalabu ija, Optimist.

M'chaka cha 1954 munthu wina wa ku Denmark, Axel Damgaard, adatengera kapangidwe kake ku Ulaya, ndipo kuchokera kumeneko kadafala msanga. Mpikisano woyamba wa maiko udachitikira ku England mu 1962, ndipo bungwe loyang'anira timabotiti pa dziko lonse lidakhazikitsidwa mu 1965. Lero timapezeka m'maiko oposa 100, tambiri topangidwa ndi fibreglass, ndipo mwana amasiya kupikisana nako akapitirira zaka 15. Robert Scheidt wa ku Brazil, amene adapata mamendulo 5 pa masewero a Olympics pakati pa 1996 ndi 2012, adayambira m'kaboti komweka pa damu la mumzinda wa São Paulo.

Kuno ku Africa chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha ku Simon's Town, pafupi ndi Cape Town. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, katswiri wina wa maboti a thanga wa ku South Africa, Ian Ainslie, adatsegula sukulu yotchedwa Izivunguvungu, dzina lotanthauza mphepo yamkuntho. Inkalandira ana a m'makomboni osauka ozungulira, ana amene nyanja ankaiona tsiku ndi tsiku koma boti la thanga ankaliyesa la anthu olemera okha. Mmodzi mwa ana amene adadzera pa sukuluyi, Asenathi Jim wa ku Red Hill, adakaimira dziko lake ku Olympics ya ku London mu 2012 ndi ya ku Rio de Janeiro mu 2016.

Komatu si mamendulo amene andichititsa kulemba nkhaniyi. Chachilendo kwa ife ndi chakuti m'kabotika mwana amakhalamo yekha. Mphunzitsi amatsatira chapatali m'boti lake akumuuza zochita, koma chiwongolero chili m'dzanja la mwana, chingwe cha thanga chili m'dzanja linalo. Mwana amene amapita pa nyanja ndi bambo ake akhoza kutha zaka zambiri akungokapa madzi ndi kupalasa kumene wauzidwa, osadzifunsapo yekha kuti mphepo ikuchokera kuti. Uyu wa m'kabokosiyu akalakwitsa, boti limaima kapena kugubuduzika, ndipo alibe woti amuloze chala. Tsono popeza adzasiyidwa yekha chotere, aphunzitsi sathamangira kumukankhira pa nyanja. Masiku oyamba amathera pa mtunda ndi m'madzi osaya.

Choyamba amamuyesa kusambira. Sukulu zambiri zimafuna kuti mwana asambire mamita 25 kapena 50, ndiponso athe kuyandama pamalo amodzi kwa kanthawi. Zina zimamuyesa atavala zovala, pakuti munthu sagwera m'madzi atavula. Kenaka amamuveka jekete loyandamitsa la msinkhu wake ndi kumulowetsa nalo m'madzi kuti alizolowere. Poyesa ngati likumukwana amaligwira m'mapewa ndi kulikokera m'mwamba: likafika m'makutu ndiye kuti ndi lalikulu, lidzamuvuka. Mwana wodziwa kusambira nayenso amavala, chifukwa mtengo wopingasa wa m'munsi mwa thanga ukamumenya m'mutu, kusambira kwake kuja kulibenso ntchito.

Malamulo a Optimist amatchulanso zoyenera kukhala m'boti. Mumakhala matumba atatu a mpweya omangiriridwa m'kati, kuti boti likadzaza madzi lisamire. Mumakhala chokapira madzi, kankhafi kakang'ono, ndi chingwe choyandama cha mamita 8 chokokera boti, pomwe pa jekete la mwana pamakhala wezulo woitanira thandizo. Chimene ndikufuna muone, makolo anzanga, ndi chakuti chilichonse mwa izi n'chomangirira. Chokapira chosamanga chimapita ndi funde loyamba, pa nthawi yomwe chikufunika kwambiri. Kodi ndi angati mwa ife amene tidaonapo kachigubu kokapira madzi m'bwato katamangiriridwa ndi kachingwe? Thanga nalo amalimangirira ku mlongoti ndi tizingwe tambirimbiri, kamodzikamodzi, ndipo womanga ndi mwana mwini wake. N'chifukwa chake phunziro la mfundo limayamba thanga lisanakwezedwe.

Mfundo zisanu

Kumanga aliyense amamanga. Mayi amamanga mtolo wa nkhuni, mnyamata amamanga mbuzi. Koma mfundo ya pa madzi iyenera kumangika msanga, kugwira pamene ikukokedwa, ndiponso kumasuka mosavuta ngakhale chingwe chitanyowa. Mfundo zathu zambiri za pakhomo zimalephera pa chomalizachi. Timangounjika mfundo pamwamba pa inzake, ndipo pomasula timafuna mano kapena mpeni. Pa mtunda zimenezi zimangotayitsa nthawi, koma boti limene lakanika kumasuka pa chikhomo mafunde akukula limaswekera pomwepo. Tidziwenso kuti mfundo iliyonse imafooketsa chingwe chifukwa cha kupindika kwake, ndipo zina zimachotsa pafupifupi theka la mphamvu yake. Chingwe chikamaduka, kawirikawiri chimadukira pa mfundo.

Yoyamba kuphunzitsa ndi ija yooneka ngati nambala 8. Mupinde chingwe kupanga kabowo, nsonga muizungulitse kuseri kwa chingwe chachikulu, ndi kuilowetsa m'kabowo kaja. Ntchito yake ndi kutsekereza nsonga kuti chingwe chisapulumuke pa bowo kapena pa kagudumu kamene chikudutsapo. Imaposa mfundo wamba ija timamanga tonsefe chifukwa ndi yokulirapo ndipo siuma ikakokedwa. Ngakhale mwana wamng'ono amaigwira tsiku lomwelo, ndipo n'kwabwino kuyamba ndi chinthu choti achipambane.

Imene aphunzitsi amatherapo nthawi yaitali ndi bowline, imene amalinyero a Chingerezi amaitcha mfumu ya mfundo zonse. Imapanga mphete ya chingwe imene sikula ndiponso sichepa, muikoke chotani. Pophunzitsa ana amagwiritsa ntchito kanthano ka kalulu. Chingwe chachitali ndiwo mtengo. Patsinde pa mtengowo mupinde kabowo kakang'ono, mbali yopita kunsonga ikhale pamwamba, ndipo umenewo ndi una. Nsonga ya chingwe ndiye kalulu: atulukire ku una kuchokera pansi, azungulire kuseri kwa mtengo, abwerere ku una komwe adatulukira kuja. Mukakoka, mphete yatheka.

Kufunika kwake kumaoneka pa tsiku la ngozi. Tiyerekeze munthu ali m'madzi ndipo mwamuponyera chingwe. Akadzimanga ndi khwekhwe longa la msampha, chingwe chimamufinya pachifuwa pamene inu mukukoka, mpaka kulephera kupuma, kotero kuti omupulumutsa ndiwo akumupweteka. Bowline yomangidwa kunsi kwa m'khwapa imamunyamula osamufinya. Ili ndi zofooka zake ndipo mwana aziuzidwa. Simungaimasule chingwe chikadali chokoka, ndipo chingwe chikakhala cholendewera n'kumagwedezeka, imatha kumasuka yokha. Vutoli limakula pa zingwe za pulasitiki zabuluu zimene timagula m'misika, chifukwa n'zoterera. Pa zingwe zimenezi siyani nsonga yaitali ngati chikhatho, ndipo muimangirirenso pa mphetepo. Zingwe zomwezi, tinene pano, zimatha ndi dzuwa: chikayamba kutuwa ndi kuyoyoka ngati ufa m'manja, musachikhulupirirenso.

Pomangirira boti ku mtengo kapena ku chikhomo amaphunzitsa kuzunguliza chingwe kawiri pa mtengopo, kenaka nsonga kuimanga kawiri pa chingwe chomwecho ndi timfundo tiwiri toyang'ana mbali imodzi. Kuzunguliza kuja ndiko kumanyamula mphamvu ya boti, timfundoto timangoletsa kuti kusamasuke. Iyi mukhoza kuimasula boti likukoka, ndi kumalitayira chingwe pang'onopang'ono.

Tsopano pali ina imene ikuseketseni inu asodzi. M'mabuku amaitcha sheet bend, ndipo ntchito yake ndi kulumikiza zingwe ziwiri, makamaka china chikakhala chonenepa china chowonda. Mupinde chonenepacho ngati chilembo cha U, chowonda chilowe m'kati kuchokera pansi, chizungulire kuseri kwa miyendo yonse iwiri ya U, ndi kudutsa pansi pa icho chomwe. Mfundo imeneyi ndi yomwe ija imalumikiza maso a ukonde. Agogo amene amakhala pa mthunzi pa doko akusoka matchera kapena chilimira amaimanga kambirimbiri pa tsiku osayang'ana n'komwe. Ndipo mukaiyang'anitsitsa mudzaona kuti kalukidwe kake n'chimodzimodzi ndi bowline. Kusiyana n'kwakuti ina imalumikiza zingwe ziwiri pomwe inayo chingwe chimadzilumikiza chokha. Ndiye kuti mphunzitsi wa mfundo tili naye kale pa doko lililonse. Chimene sitidachite ndi kuwakhazika agogowo pansi ndi ana khumi, ndi kuwapempha kuti achite pang'onopang'ono, ana aone kumene nsonga ikudzera.

Yachisanu ndiyo yoopsa, chifukwa ndi yokongola ndiponso yosavuta. Amaitcha reef knot: nsonga ya kumanja pamwamba pa ya kumanzere, kenaka ya kumanzere pamwamba pa ya kumanja. Ndiyo imamanga tizingwe ta thanga tija ku mlongoti, ndipo ndi yabwino pa bandeji kapena pa phukusi, pomwe nsonga ziwiri za chingwe chimodzi zazungulira chinthu. Tsoka lake anthu amalumikizira nayo zingwe ziwiri zokoka katundu kapena munthu. Nsonga imodzi ikangokodwa, mfundoyo imatembenuka n'kupulumuka. Clifford Ashley wa ku America, amene mu 1944 adatulutsa buku lalikulu la mfundo lokhala ndi zithunzi pafupifupi 7,000, The Ashley Book of Knots, adachenjeza kuti ikagwiritsidwa ntchito motere yapha ndi kuvulaza anthu ambiri kuposa mfundo zina. Mphunzitsi wabwino samangonena pakamwa. Amaimanga pamaso pa ana, kukoka nsonga imodzi, iwo n'kuona ndi maso awo zingwe zikulekana.

Kaphunzitsidwe kake n'kosalira ndalama. Mwana aliyense amapatsidwa chingwe chakechake cha mita imodzi ndi theka, nsonga zake zowaula pa moto kuti zisayoyoke, ndipo amapita nacho kunyumba. Amamanga akuyang'ana, kenaka atatsinzina, kenaka manja ali kumbuyo, potsiriza ali m'madzi ofika m'khosi. Ife amene timaphunzitsa ana kuloweza tikudziwa kuti chimene mwana wanena bwino kamodzi pamaso pa mphunzitsi sichinakhazikike. Chokhazikika ndi chimene angachinene atadzidzimutsidwa. Mfundo ili ndi ubwino wina umene maphunziro ambiri alibe, wakuti sifuna mphunzitsi kuti aichonge. Ana awiri akoke, wina uku wina uko. Ikagwira yagwira. Ikapulumuka onse amagwa chagada, anzawo n'kufa nalo phwete, ndipo womangayo sadzaiwalanso.

Chingwe chimodzi sichimangidwa

Atadziwa kumanga, mwana amaphunzira chinthu chooneka ngati chotsutsana ndi zonsezi: pali chingwe chimodzi chimene sayenera kuchimangirira pena paliponse. Chimenechi ndi chokokera thanga. Akachikoka, thanga limagwira mphepo ndipo boti limathamanga. Akachitaya, thanga limangokupiza ngati mbendera, mphamvu n'kutha, boti n'kuima. M'boti la thanga mulibe mabuleki ena koma amenewa. Dzanja likatopa mwana amalakalaka kuchikulunga pa thabwa kapena pa mkono, ndipo mphepo yadzidzidzi ikabwera alibe nthawi yomasula. Choncho lamuloli amalibwereza tsiku lililonse: ukachita mantha, taya chingwe. Anzathu aja amene amakweza chinsalu kapena thumba pa nsungwi pobwerera kumtunda, n'kumangirira ngodya zonse kuti manja apume, aganizirepo pamenepa.

Palinso timalamulo tina toteteza thupi. Chingwe chokoka sachikulunga pa chala kapena pa dzanja. Phazi saliponda m'kati mwa chingwe chimene chakulungidwa pansi, pakuti nangula kapena ukonde ukamatsika, chingwecho chimathina mwendo ndi kumukokera munthu m'madzi.

Za mphepo amayamba ndi funso limodzi limene mphunzitsi amafunsa mpaka ana kutopa nalo: ikuchokera kuti? Mwana aloze ndi dzanja, ataona utsi, mbendera, timafunde, kapena ataimva m'makutu potembenuza nkhope. Kenaka amaphunzira kuti boti la thanga silingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Likhoza kuyenda mphepo ili kumbuyo, likhoza kuyenda chopingasa, ndipo likhoza kukwera chopendeka, pafupifupi madigiri 45 kuchokera kumene ikuombera. Wofuna kupita kumphepo amayenda mokhotakhota, uku ndi uku, monga momwe wanjinga wolemedwa amakwerera chitunda.

Chimene chimatheketsa zimenezi ndi thabwa lalitali lolowetsa pa mpata wa pakati pa boti, lotsikira m'madzi. Limaletsa boti kutsetsereka cham'mbali, kotero mphamvu ya thanga imalikankhira kutsogolo. Bwato wathu wosema ulibe thabwa lotere, n'chifukwa chake chinsalu chimauthandiza pokhapokha mphepo ili kumbuyo. Chiwongolero nacho chimasokoneza poyamba, pakuti ukakankhira chogwirira chake kumanja, boti limakhotera kumanzere. Ulendo woyamba pa madzi umakhala waufupi: kupita chopingasa mphepo mpaka pa chigubu choyandama, kutembenuka, ndi kubwerera. Potembenuka paja mwana aweramitse mutu kuti mtengo wa thanga udutse.

Tsiku limene makolo oonerera amachita nalo nthumanzi ndi la kugubuduza. Mphunzitsi amasankha tsiku la bata ndi malo osazama kwambiri, n'kumuuza mwana kuti aligwetse dala boti lake. Mwana amagwera m'madzi, amasambira kuzungulira mpaka pa thabwa lija, limene tsopano latulukira kunja, amaligwira ndi kulendewerapo ndi thupi lonse mpaka boti litadzuka. Kenaka amakwera n'kuyamba kukapa. Ena amalira ulendo woyamba, koma pofika wachitatu amapempha okha kuti abwerezenso.

Phunziro lalikulu la tsikuli ndi lakuti usalisiye boti. Munthu akagwera m'madzi mtima umamuuza kuti asambire kupita kumtunda, ndipo mtunda umaoneka pafupi kuposa mmene ulili. Koma boti logubuduzika limayandama, munthu akhoza kupumirapo, ndipo opulumutsa amaliona ali patali pamene mutu wa munthu pakati pa mafunde sauona. N'chimodzimodzi ndi bwato wosema: malinga ukuyandama, ngakhale utadzaza madzi, gwira usataye.

Pa nyanja yathu ino

Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 560, ndipo malo ena kuya kwake kumafika mamita 700. Mwera umaomba kuchokera kummwera chakum'mawa, makamaka kuyambira May mpaka August, ndipo popeza umatsata utali wa nyanja, mafunde amanka nakula kupita kumpoto. Idali nyengo imeneyi, mu July 1946, pamene sitima ya Vipya idamira kufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 adatisiya. Mwera womwewo ndiwo unkakankha maboti a thanga a pa mpikisano uja udayamba m'zaka za m'ma 1980, ochoka ku Mangochi kulowera kumpoto m'mwezi wa July.

Komabe mphepo imene aphunzitsi amaiopa kwambiri kwa mwana wophunzira ndi yochokera kumtunda. Imanyenga, chifukwa pafupi ndi gombe madzi amakhala bata ngati a m'mbale, koma imanka nikula munthu akamatalikira, ndipo mwana amene sanadziwe kukwera mphepo sangabwerere. Yochokera kunyanja imabwera ndi mafunde, koma chilichonse chikalakwika imamubweza mwana pa mchenga. Tsono zimatengera gombe limene muli. Vuma wochokera kum'mawa, kwa a ku Nkhotakota ndi ku Senga Bay ndi wobweza kumtunda, koma kwa a ku Makanjira ndi wotengera pakati pa nyanja. Zambwe wochokera kumadzulo amachita mosinthanitsa. Zoterezi buku la ku Ulaya silingakuuzeni, n'zofunika kufunsa akuluakulu a pa doko lanu lomwelo.

Thanga si lachilendo kuno. M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdullah, Jumbe woyamba wa ku Nkhotakota, adakhazikika pa gombe limenelo, ndipo zombo za mathanga zinkaoloka nyanja kupita kutsidya la kum'mawa. Katundu wake, minyanga ya njovu ndi akapolo, ndi mbiri yowawa imene sitingaibise. Koma luso lokhoma zombo ndi lowerenga mphepo lidatsala m'manja mwa anthu wamba, ndipo zombo zotere zidapitiriza kunyamula anthu ndi katundu, monga pakati pa Likoma ndi gombe la Mozambique. Injini zitachuluka, achinyamata ambiri adayamba kuliona thanga ngati chinthu chachikale. Iwalani za chikale: injini imazima pakati pa nyanja, mafuta amatha, ndipo pamenepo m'boti mumafunika munthu wodziwa mphepo ndi chingwe.

Timaboti ta Optimist n'todula kuitanitsa kunja, ndipo sindikunena kuti mudzi uliwonse ugule. Kumbukirani kuti Mills adakakonza kuti kazikhomedwa ndi plywood pakhomo, ndipo amisiri athu a maboti a matabwa, monga aja adaphunzira ku Mpwepwe, sangalephere bokosi la mamita awiri. Koma ngakhale popanda kabotiko, gawo lalikulu la ndondomekoyi likutheka: kusambira, mfundo, kuwerenga mphepo, ndi kugubuduza bwato dala m'madzi ofika m'chiuno. Zofunika ndi zingwe, bwato umodzi, majekete angapo, ndi akuluakulu awiri odziwa kusambira, wina m'madzi wina pa mtunda akuwerenga ana. Malo akhale a mchenga woyera, kutali ndi bango ndi mathiriro a mitsinje, kumene kumakhala ng'ona, mvuu ndi nkhono zofalitsa likodzo.

Atsikana asasiyidwe. M'mipikisano ya Optimist anyamata ndi atsikana amapikisana pa madzi amodzi, ndipo mtsikana wa ku Italy, Sabrina Landi, adapambana mpikisano wa dziko lonse mu 1987. Kwathu kuno amayi ndi atsikana ndiwo amachapa ndi kutunga madzi kunyanja, ndipo amakwera maboti odzaza popita kumsika, kuchipatala kapena kumaliro, koma ambiri sadaphunzire kusambira. Nkhawa ya makolo pa za kavalidwe ndi kusakanikirana ndi yomveka, ndipo yankho lake lilipo: tsiku lawolawo, mphunzitsi wamayi, ndi zovala zofunda thupi koma zosakola, monga buluku lalitali ndi malaya a manja aatali. Chitenje ndi diresi lotaya zikanyowa zimalemera ndi kukulunga miyendo. Mpango wa kumutu aulowetse m'malaya kuti usakodwe m'zingwe.

Wina adzati, nanga si ndiye mukuwakankhira ana ku usodzi kuti asiye sukulu? Funsoli ndi loyenera, pakuti tonse tikuwadziwa anyamata amene amagona m'kalasi chifukwa achezera pa nyanja ndi nyali za usipa. Lamulo la ntchito la dziko lino la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, ndiponso kupatsa wosafika zaka 18 ntchito yoika moyo wake pachiswe. Phunziro limene tikunenali limachitika masana, maola awiri okha, pamaso pa akuluakulu, ndipo komiti ya makolo ikhoza kuika lamulo lakuti wojomba kusukulu kapena ku madrasa sakwera boti sabata imeneyo. Ndikuganizanso kuti mwana amene adagubuduzikapo dala, n'kumva kulemera kwa zovala zonyowa, sangalole msanga kukwezedwa usiku m'bwato wopanda chokapira.

Tchuthi cha mwezi wa August chimagwa mwera usanathe, ndiye si nthawi yoyesera thanga. Masabata amenewo ndi a zingwe pansi pa mtengo, ndi kusambira m'mawa pamalo obisika ku mafunde. Mwera ukagwa, Insha Allah, cha kumapeto kwa September ndi mu October, ana amene amanga mfundo zisanu zija atatsinzina ndiwo ayambe kulowa m'bwato, Loweruka m'mawa, awiriawiri.